Fupa Musalizule Msanga

Achinyamata amene mukufuna kulowa ntchito yofukula mafupa amakedzana, dziwani kuti khasu limabwera pambuyo. Choyamba ndi kuyenda. Ku Karonga, m'zigwembe za ku Uraha ndi ku Malema, muli dothi limene akatswiri amalitcha Chiwondo Beds: mchenga ndi matope amene anaunjikana m'mphepete mwa nyanja yakalekale ndi m'mitsinje yothira m'menemo. Mvula ikakokolola, imasiya poyera mano a mvuu, a ng'ona, a nguluwe, ndi zigoba za nkhono. Yendani mutawerama, dzuwa likukuwotchani pamsana, mpaka diso lizolowere kusiyanitsa fupa ndi mwala wamba. Dzenje loyesera mukumbe pokhapokha zidutswa zitakulozerani mzere wa dothi umene zikuchokera.

Mukaona fupa likusuzumira m'khoma la chigwembe, dzanja limayabwa. Ugwireni mtima. Jambulani chithunzi lili pomwepo, tengani malo ndi GPS, lembani m'kope kuti lili m'dothi lotani, pamwamba pake pali chiyani, pansi pake pali chiyani. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri, ndipo chifukwa chake nachi. Ku Kenya ndi ku Ethiopia zaka amaziwerengera pa phulusa la mapiri ophulika. Ku Chiwondo mwayi umenewo ndi wosowa, motero akatswiri amadalira nyama zopezeka mumzere umodzi, makamaka mano a nguluwe, amene ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, n'kuwafanizira ndi a kumayiko aja. Mukasokoneza mizere, kapena kutaya dzino la nguluwe poti mukusaka la munthu, mwafufuta zaka za zonse zimene mwatola. Palibe angazibwezere.

Mu 1991 gulu la a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage linapeza ku Uraha chibwano cha munthu wakalekale wa mtundu wa Homo rudolfensis, chotchedwa UR 501, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Chinali chothyoka pawiri, dzino lina lili lobenthuka. Kachidutswa kosowako kanapezeka chaka chotsatira, anthu atabwerera pamalo omwewo n'kusefa dothi lambirimbiri. Anatha kubwerera chifukwa malowo anawasunga bwino. Ndiye akakuikani pa sefa tsiku lonse, fumbi lili m'mphuno, musaone ngati akupeputsani.

Fupa lofumbutuka lithireni guluu wosungunula, muliyembekeze liume. Kumbani mozungulira, muliphimbe ndi mapepala onyowa, kenaka mulikulunge ndi masaka oviika m'pulasitala, monga amachitira kuchipatala ndi mwendo wothyoka. Likalimba m'pamene mulitembenuze. Nambala mulembe pa pulasitalayo, osati m'kope mokha.

Musaponde malo musanaonekere kwa amfumu, ndipo eni mundawo muwauze chimene mukufuna. Apo ayi adzayesa mukusaka miyala yamtengo wapatali, ndipo sadzalakwa kukukayikirani. Chilolezo cha boma chikhale m'thumba. Wina akakunong'onezani zogula fupa, mukaneni, chifukwa mafupawa ndi a dziko. Kwawo ndi kumalo osungirako zakale monga Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Ndipo musakhutire ndi kunyamula zidebe za ena. Werengani za miyala ndi za matupi a nyama. A Elizabeth Gomani, Mmalawi mnzathu, anafufuza mafupa a madainoso a ku Karonga komweko, ndipo mu 2005 ndiwo anatcha mtundu wina wa dainoso dzina loti Karongasaurus. Pemphani kuti akuphunzitseni kujambula mizere ya dothi ndi kulemba lipoti, ndipo pemphani chaka choyamba chomwecho.