Nyanja Nayonso Imafunika Mpumulo

Ife Aadventisti tikamagula nsomba timayang'ana zipsepse ndi mamba, potsata Levitiko 11:9. Chambo chili nazo zonse ziwiri, pamene kampango ndi mlamba alibe mamba. Koma kodi nsomba ikakhala yololedwa kudya, ndiye kuti tiziigwira nthawi iliyonse?

Tiyeni tione momwe chambo chimaswanirana. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tianato tikaona zoopsa timathawira m'kamwa momwemo. Choncho msodzi akakola make panyengoyi, wapha ana ambirimbiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake boma limaletsa makoka ena pa nyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kuchokera m'zaka za m'ma 1950.

Mfundoyi si yachilendo m'Baibulo. Deuteronomo 22:6, 7 amaletsa wopeza chisa cha mbalame kutenga make pamodzi ndi ana, ndipo Levitiko 25 amapatsa ngakhale nthaka chaka chopumula. Ife osunga Sabata tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zomwe zili pafupi kutheratu. Wogula nayenso ali ndi mbali yake: tikamakana kasawala pamsika, wosodza ndi neti ya udzudzu adzasowa womugula.

Funso lokambirana: kodi mdindo wokhulupirika angagule kasawala chifukwa choti ndi wotchipa?