Njinga ya R48,000 imene akazi anu akudziwa kuti ndi ya R15,000

Okondedwa Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 36, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimagwira ntchito kosungira katundu ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo ndimakhala ku Tembisa ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito adandikokera kokapalasa njinga m'tinjira ta m'tchire ku Modderfontein, ndipo masewerawa andilowa m'magazi. Njinga yanga ndi yakale, ya shock yakutsogolo yokha, moti anzanga amandisiya pamiyala ndi potsetsereka. Ndikufuna kuyamba mipikisano. Ndapeza njinga ya ma shock kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ya R48,000. Ndalama zathu za chipereganyu, R30,000, zituluka mwezi wamawa, zotsalazo ndizidzalipira pang'onopang'ono. Mayi ndawauza kuti ndi ya R15,000 kuti asadandaule. Vuto ndi alamu anga kumudzi, achimwene a mayiwa. Akuti ndikutaya ndalama pa chidole iwo alibe feteleza, ati munthu wamkulu wopalasa njinga ndi wakabaza. Ndiwayankhe bwanji? Nanga ndigule ya carbon kapena ya aluminium, ya ma shock a 120 mm kapena a 150 mm?

Wokonda njinga, Tembisa

Bambo a ku Tembisa,

Mwafunsa za carbon ndi za alamu, koma ine maso anga aima pa mawu amene mwangowaponya pakati pa kalata ngati opanda kanthu: akazi anu mwawauza kuti njingayo ndi ya R15,000. Mwabisa R33,000. Mwalembanso nokha kuti ndalama za chipereganyu ndi "zathu". Ndiye kuti mwezi ndi mwezi mayiwo akhala akudzimana kuti mpamba umenewu ukwane, ndipo mumtima mwawo adaugawa kale: kaya fizi ya ana, kaya njerwa za kumudzi. Mukuti simukufuna kuti adandaule. Ayi bambo, chimene simukufuna n'chakuti akukanizeni. Mukudziwa kuti akamva mtengo weniweni anena mawu omveka, ndipo mawuwo mukuwathawa.

Bodza lotere silikhalitsa. Dzina la njinga limalembedwa pafulemu ndi zilembo zikuluzikulu, mitengo ili poyera pa intaneti, ndipo mwana wanu yemwe angathe kuipeza pafoni. Apo ayi, mnzanu wopalasa naye adzafika pakhomo, n'kuisisita, n'kutchula mtengo wake mokweza mayi ali pomwepo akutsuka mbale. Kuyambira tsiku limenelo adzayamba kuwerengera m'mbuyo. Malipiro amene amandiuza aja ndi oona? Ndalama zimene ankati watumiza ku Ntcheu zija zinkafikadi? Mafunso amenewa akalowa m'nyumba satuluka msanga.

Za alamu anu ndili kumbali yanu. Kumudzi kwathu kuli chizolowezi choipa choyesa kuti munthu wa ku Joni alibe thupi, ali ndi thumba lokha. Akatumiza malata ndi mwana wabwino, akagula chomusangalatsa mwiniwake wasochera. Amuna athu angati kuno amene Loweruka ndi Lamlungu lawo limathera kumowa, ndalama zopita kumeneko pachaka n'kuposa mtengo wa njinga, koma palibe mlamu woimba foni kudzudzula? Inu mwapeza chinthu chokudzutsani mbandakucha, cholimbitsa mtima ndi mapapo, ndipo sindikuuzani kuti muchisiye. Kunyoza kabaza nakonso n'kusayamika, poti kabaza waphunzitsa ana ambiri ku Malawi. Dziko mukukhalali limalemekeza opalasa njinga. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg adakhala katswiri wa dziko lonse kanayi pa mpikisano wotsetsereka m'mapiri, komaliza mu 2021 ali ndi zaka 39. Alan Hatherly adatenga mendulo ya malo achitatu pa Olympics ya ku Paris mu 2024, chaka chomwecho n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse.

Komabe dzifunseni kuti alamuwo nkhaniyi aimva kwa yani. Ndi achimwene a akazi anu. Ndiye kuti mayiwo adandaula kale kwawo, pa mtengo wabodza womwewo wa R15,000. Foni ya alamu ikukubweretserani mawu amene akazi anu alephera kukuuzani pamaso. Musalimbane ndi alamu. Khalani pansi ndi mlongo wawo, mugwirizane ndalama imene muzitumiza pachaka mvula isanayambe, mbali yawo ndi mbali yanu, ndipo ikatumizidwa basi yatha. Achimwene awo akaimbanso, awayankhe ndi iwowo.

Tsopano njingayo. Yang'anani kumene mukukhala. Ekurhuleni ndi dziko la pamwamba koma lathyathyathya, la udzu ndi milu ya dothi la m'migodi, lopanda mapiri otsika kwa nthawi yaitali. Tinjira ta ku Modderfontein, ta ku Big Red Barn ku Olifantsfontein ndi ta ku Rietvlei kufupi ndi Alberton timafuna miyendo kwambiri kuposa ma shock aatali. Ngakhale miyala ya ku Thaba Trails, kumwera kwa Johannesburg, njinga ya 120 mm imaikwanitsa. Ya 150 mm adaipangira malo otsika kwambiri ndi kudumpha, ndi yolemera, ndipo pokwera imakudyerani mphamvu. Mipikisano yambiri ya ku South Africa ndi ya mtunda wautali. Pa Cape Epic, imene idayamba mu 2004 ndipo anthu amapalasa awiriawiri kwa masiku 8, akatswiri amakwera njinga za 100 mm mpaka 120 mm, za matayala a mainchesi 29. Ngati iwowo zikuwakwanira, inu 150 mm mukaichita chiyani?

Pa carbon ndi aluminium, ndi ndalama zanuzo tengani aluminium. Njinga ya carbon yotsika mtengo kawirikawiri amaiveka ma shock, mabuleki ndi magudumu otsika kuti mtengo ugwirizane, pomwe ndalama yomweyo pa aluminium imakupatsani zida zabwino. Carbon ikamenya mwala ingathe kusweka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Choyamba pa zonse ndi saizi. Njinga yodula koma yokukulirani kapena yokucheperani idzakupweteketsani msana ndi mawondo. Ikwereni musanapereke ndalama, ndipo wogulitsa apope ma shock molingana ndi kulemera kwanu: mukakhala pachishalo, shock yakumbuyo izilowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake.

M'kalata yanu mulibe mawu ngakhale amodzi a ndalama zosamalira njingayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Opanga ma shock amalangiza kusintha mafuta akutsogolo pakatha maola pafupifupi 50 opalasa, ndi kumasula zonse pafupifupi kamodzi pachaka. Njinga ya shock yakumbuyo ili ndi malo opindika okhala ndi ma bearing, ndipo fumbi la m'nyengo yozizira kuno, kuyambira May mpaka August, pamodzi ndi matope a mvula ya mabingu ya m'chilimwe, zimawadya msanga. Onjezani tcheni, magiya akumbuyo, matayala opanda chubu ndi mankhwala ake otseka minga, chipewa choteteza mutu, ndalama yolowera pageti la malo opalasira, yolembetsera mpikisano uliwonse ndi yoyendera. Onjezaninso inshuwalansi, chifukwa ku Gauteng njinga zotere amazilanda m'njira ndi kuziba m'nyumba. Zonsezi muzilipira mukubwezanso ngongole ya R18,000? Mudzabisa bwanji chilichonse cha izi kwa munthu amene mudamuuza kuti njingayo ndi yotchipa?

Njinga zogwiritsidwapo kale ntchito zilipo zambiri, pa tsamba la pa intaneti la Bike Hub ndi m'mashopu a njinga, chifukwa anthu a ndalama amasintha njinga isanathe. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gwirani tayala lakumbuyo muligwedezere uku ndi uku: mukamva kugogoda, ma bearing atha. Pitirizani chala patimipope tonyezimira ta shock: mukapeza pokandika kapena mafuta akuchucha, siyani. Itembenuzeni njingayo muwerenge nambala ya pansi pafulemu, ndipo mufunse lisiti logulira ndi mapepala a kumene ankaikonzetsa. Wopanda lisiti musamupatse ndalama ngakhale mtengo ukome bwanji. Ndinu mlendo m'dziko muno, ndipo mlendo wopezeka ndi njinga yobedwa samupatsa nthawi yofotokoza.

Kunena zoona, zoti anzanu amakusiyani pamiyala sizonse ndi za njinga. Mwapalasa chaka chimodzi chokha. Kuyang'ana patsogolo, kusiya mabuleki pa nthawi yake ndi kuchepetsa mpweya m'matayala n'zimene zimathamangitsa munthu pamiyala. Ndikuganiza kuti chikukupwetekani kwambiri ndi manyazi oimika njinga yakale pakati pa njinga za anthu amene malipiro awo sali ngati anu. Amenewo simudzawapeza. Mukagula ya R48,000 mudzaona wina ali ndi yoposa R100,000.

Chitani izi. Lero lomwe auzeni mayi mtengo weniweni, ndipo muwauzenso kuti poyamba mudanama. Akakwiya, apatseni mpata wokwiya. Mugawe chipereganyucho pamodzi, gawo lanu likhale poyera, ndipo njinga mugule ya m'gawo limenelo popanda ngongole: yogwiritsidwapo kale ntchito, ya aluminium, ya 120 mm. Ndalama zikapanda kukwana, valitsani matayala abwino panjinga muli nayoyo, mulowe nayo mpikisano waufupi, muzisunga za chaka chamawa. Loweruka lina atengeni mayi ndi ana akaone kumene mumapitako.

Ndipo nonse amene muli kunja kuno, amuna ndi akazi omwe, makalata anu ndimawawerenga. Wina akubisa malipiro, wina puloti ya ku Lilongwe, wina ngongole ya katapila, aliyense akuti akuteteza mnzake. Kuno tili kutali ndi ankhoswe ndi abale, ndipo zikavuta wothamanga nanu ndi yemweyo mukumubisirayo. Inu bambo, masewera mwasankhawa ndi ogwetsa. Fupa la paphewa limathyoka kawirikawiri kwa opalasa njinga, ndipo limatenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kuti lilumikizane. Ntchito yanu ndi yonyamula katundu. Musanalembetse mpikisano woyamba, funsani kuntchito kwanu masiku odwala amene amalipira, muone ngati muli ndi chothandizira kuchipatala, ndipo mugwirizane ndi akazi anu kumene lendi ya miyezi iwiri ingachokere dzanja lanu lili m'khosi.

Azakhali