Kodi Chifalansa Chimathandiza Kusankhidwa Kupita ku Yunivesite?

Mawu Oyamba

Ophunzira akamalowa Fomu 3 amasankha maphunziro omwe adzalembe pa mayeso a MSCE. Kwathu ku Chipoka, m'boma la Salima, pa nthawi imeneyi pamabuka funso ili: kodi mwana yemwe sanaphunzire chiyankhulo chakunja monga Chifalansa angasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma? Funsoli si lamasewera, chifukwa makolo ena amafika poganiza zochotsa mwana pa sukulu yoyendera ya m'dera mwathu n'kumutumiza ku sukulu yolipira ya m'tauni, pomwe ndalama zake n'zochokera ku usipa. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chiyankhulo chakunja chomwe chili ndi mphamvu pa kasankhidwe ka ophunzira m'Malawi ndi Chingerezi, ndipo Chifalansa chimabwera pambuyo.

Komwe Maganizowa Akuchokera

Choyamba, anthu amaona chitsanzo cha Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, yomwe inatsegulidwa mu 1981. Sukuluyi inatchuka ndi kuphunzitsa Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa, ndiye ambiri anayamba kuganiza kuti ziyankhulozi ndizo chizindikiro cha mwana wanzeru. Chachiwiri, m'mayiko ena nkhaniyi ndi yoona. Ku America, University of California imafuna kuti wophunzira akhale ataphunzira chiyankhulo china kupatula Chingerezi kwa zaka ziwiri, ndipo Harvard imalimbikitsa zaka zinayi za chiyankhulo chimodzi. Koma tisaiwale kuti ana ambiri kumeneko amabadwira m'Chingerezi, choncho Chifalansa kapena Chisipanishi chimakhala chiyankhulo chawo chachiwiri. Mwana wa ku Chipoka, yemwe kunyumba amayankhula Chichewa kapena Chiyao, amakhala ataphunzira kale chiyankhulo cha eni kuyambira ku pulayimale.

Momwe Kasankhidwe Kamayendera

Bungwe la MANEB limapereka magiredi a MSCE kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pomwe 9 ndi kulephera. Mapointi a wophunzira amapezeka powonkhetsa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe wachita bwino, motero wokhoza koposa amapeza mapointi 6. Kuti munthu aganiziridwe ndi bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a m'mayunivesite a boma, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa makireditiwo ikhale ya Chingerezi. Kuwonjezera apo, maphunziro aliwonse a ku yunivesite ali ndi zofuna zawozawo. Mwachitsanzo, za udokotala ndi za uinjiniya zimayang'ana masamu ndi sayansi.

Tiyerekeze kuti pali ophunzira awiri. Woyamba wapeza 2 pa Chifalansa koma 7 pa Chingerezi. Ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse, ameneyu sangasankhidwe mpaka atalembanso mayeso. Wachiwiri sanaonepo buku la Chifalansa, koma wapeza 4 pa Chingerezi, 1 pa Chichewa ndi makirediti abwino pa maphunziro ena anayi. Ameneyu ali pa mpikisano. Onaninso kuti 1 wa pa Chichewa ndi wofanana mphamvu ndi 1 wa pa Chifalansa powerengera mapointi. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa ndinaona anzanga ku sekondale akunyozera Chichewa, amvekere "n'chiyankhulo chathu chomwe", mapeto ake n'kutaya mapointi pa malamulo a chiyankhulo ndi pa mabuku a nkhani za mchezo ndi zolembedwa.

Pomwe Chifalansa Chimathandiza

Sindikunena kuti Chifalansa n'chopanda ntchito. Chimathandiza wophunzira amene wachikhoza bwino moti chalowa m'gulu la maphunziro asanu ndi limodzi aja. Chimathandizanso yemwe akufuna kukachipitiriza ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, komwe kumasulidwa aphunzitsi a chiyankhulochi. Koma wochitenga pa sukulu yopanda mphunzitsi wokhazikika ndi mabuku okwanira, n'kupeza 8, sanapindule kanthu pa mapointi. Wangochepetsa nthawi yowerenga Chingerezi ndi masamu. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Phindu lalikulu la ziyankhulo zakunja limaoneka munthu akamaliza sukulu. Njanji yodutsa pa Chipoka imakalumikizana pa Nkaya ndi yopita ku doko la Nacala ku Mozambique, dziko loyankhula Chipwitikizi. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kwakhala kukufikira anthu othawa kwawo kuyambira mu 1994, kuli ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ndipo ambiri amayankhula Chifalansa ndi Chiswahili. Nalo bungwe la SADC limagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 linavomereza Chiswahili. Wodziwa ziyankhulozi ali ndi mwayi pa ntchito za utanthauzi, malonda, zokopa alendo ndi ukazembe. Komabe izi munthu atha kuziphunzira atalowa kale ku koleji.

Mawu Omaliza

Malangizo anga kwa wophunzira wa Fomu 3 ndi atatu. Ayambe walimbitsa Chingerezi, pakuti popanda kirediti yake chitseko sichitseguka. Kenaka afufuze msanga zofunika pa maphunziro omwe akufuna kukachita, pofunsa aphunzitsi ndi kuwerenga zidziwitso za NCHE. Pomaliza, atenge Chifalansa pokhapokha ngati akuchikonda ndipo pa sukulu pawo pali wochiphunzitsa. Kwa makolo ndinene kuti ndalama yomwe akanasamutsira mwana chifukwa cha Chifalansa chokha ingagwire ntchito yabwino itagula dikishonale, mabuku owerenga ndi nyali ya sola. Kwa ife ophunzira za ziyankhulo, ntchito yomwe ikutidikira m'masukulu a m'mphepete mwa nyanja ndi yophunzitsa Chingerezi ndi Chichewa mwaluso, kuti ana a asodzi asamatsalire pakhomo chifukwa cha giredi imodzi.