Matikiti otchipa a pa Facebook

Funso: Ndaona munthu pa Facebook akugulitsa motchipa matikiti a mpira wa Flames ku Bingu National Stadium. Akuti nditumize ndalama pa Airtel Money msanga chifukwa atsala awiri okha. Ndigule?

Yankho: Musatumize, achimwene. Kukufulumizitsani choncho ndiwo msampha wa akamberembere. Tikiti yotumizidwa ngati chithunzi munthu angaigulitse kwa anthu khumi, ndipo pachipata wolowa ndi woyamba yekha, ngati ili yeniyeni n'komwe. Yang'anitsitsani tsamba lake. Ngati latsegulidwa posachedwapa, ndemanga adatseka, kapena dzina la mwini nambalayo likusiyana ndi la wogulitsa, musiyeni. Gulani kumalo omwe bungwe la mpira la FAM lalengeza. Ngati mwatumiza kale, imbirani kampani ya foni lero lomwe, kenako mukadandaule kupolisi mutatenga uthenga wa malipirowo.