Mmene kampani yogwa imadzukira: njinga zamoto za Triumph ku Hinckley

M'chigawo cha East Midlands ku England muli mzinda wa Leicester, ndipo kumwera chakumadzulo kwa mzindawu kuli tauni ya Hinckley. Kumeneko kuli likulu la Triumph, kampani yopanga njinga zamoto. Fakitale yakale ya njingazi, imene inali ku Meriden, inatsekedwa mu 1983 chifukwa cha ngongole, koma mu 2024 Triumph inagulitsa njinga zoposa 100,000 m'maiko osiyanasiyana. Phunziro lino likufotokoza mmene zoterezi zimathekera. Ena amati kampani yogwa imadzuka chifukwa cha dzina lotchuka, ena amati imadzuka boma likaitchinjiriza kwa amalonda akunja. Ine ndikuona kuti chimene chimaidzutsa ndi mpamba wosafulumirira phindu, pamodzi ndi mtima wolola kukaphunzira kwa amene anaigonjetsa.

Tiyambe ndi mmene inagwera. Triumph inapanga njinga yamoto yoyamba mu 1902 ku Coventry, kenaka inasamukira ku Meriden. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 njinga zake zinkayenda malonda kwambiri, makamaka ku America. Koma mu 1969 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga yotchedwa CB750. Inali ndi injini ya masilinda anayi, inkalira mwini wake akangodina batani, ndipo sinkavutavuta panjira. Njinga za ku Britain zinkafuna kupondedwa ndi phazi kuti zilire, ndipo zinkadziwika ndi kudontha oyilo. Wogula sanada Britain ayi, anangofuna njinga yomufikitsa kumene akupita osaona makaniko sabata ndi sabata. Malonda atalowa pansi, antchito a ku Meriden anakana kuti fakitale itsekedwe, ndipo mu 1975 anayamba kuiyendetsa okha ngati kopaletivi, boma litawapatsa ndalama pafupifupi mapaundi 5 miliyoni, zambiri mwa izo ngati ngongole. Anali anthu aluso ndi olimba mtima, koma ndalamazo sizinakwane kugulira makina atsopano kapena kukonza injini yatsopano. Anapitiriza kupanga njinga zakale zija ndi makina akale, mpaka anagwa mu 1983.

Amene anagula dzina la Triumph chaka chomwecho ndi John Bloor, munthu amene anayamba ngati wopaka pulasitala ndipo analemera ndi ntchito yomanga nyumba zogulitsa. Kampani yake ya nyumba ili ku Measham, ku Leicestershire, dera limene mulinso Hinckley. Chimene anachita n'chofunika kuchimvetsa bwino. Sanathamangire kugulitsa. Iye ndi akatswiri ake anapita ku Japan kukaona mafakitale a omwe aja anagwetsa Triumph, nabwerera kukajambula njinga zatsopano kuyambira pachiyambi. Anamanga fakitale ku Hinckley, ndipo njinga zoyamba anazionetsa ku Cologne ku Germany mu 1990, zaka zisanu ndi ziwiri chigulire dzinalo. Zaka zonsezo ndalama zinkangotuluka. Phindu linayamba kuoneka cha m'ma 2000, atathiramo mapaundi mamiliyoni ambirimbiri. Wobwereketsa ndalama wofuna chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi sakanapirira chotero. Bloor anapirira chifukwa mpambawo unali wake, wochokera ku malonda a nyumba.

Nzeru yaikulu inali pa kapangidwe. Njinga zoyambazo zinali za mitundu isanu ndi umodzi, koma mkati mwake zinali pachibale: felemu yofanana, ndi injini za masilinda atatu kapena anayi zogawana zitsulo zambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina opangira chitsulo chimodzi cha injini ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo mtengowo susintha kaya apange zitsulo zochepa kaya zambiri. Zili ngati chigayo: mwini wake akamagaya matumba awiri patsiku sangabweze ndalama anagulira chigayocho, koma chikamalira tsiku lonse thumba lililonse limasenzako pang'ono chabe. Popeza Triumph inali yaing'ono poyerekeza ndi Honda kapena Yamaha, njira yochulukitsira zitsulo zamtundu umodzi inali kuziika m'njinga zonse. Potero inatha kugulitsa pamtengo woyandikira wa anzake a ku Japan, njingazo zili zolimba ndi zosadontha oyilo. Moto utapsereza mbali yaikulu ya fakitale mu Malichi 2002, anaimanganso ndi kuyambiranso ntchito chaka chisanathe.

Wina anganene kuti zonsezi n'zoona, koma chimene anthu ankagula ndi dzina. Dzina linathandizadi, sitingakane. Koma yankho lili pafupi pomwepo. Norton ndi dzina lina lakale la njinga zamoto za ku Britain, lolemekezeka ngati Triumph. Nalonso linatsitsimutsidwa ku Leicestershire, ku Donington Hall pafupi ndi Castle Donington. Mu Januwale 2020 kampaniyo inalephera kubweza ngongole n'kugwa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho kampani ya TVS ya ku India inaigula pa mapaundi 16 miliyoni. Dzina limabweretsa wogula pakhomo kamodzi. Kuti abwerenso, kapena auze mnzake, pamafunika njinga yabwino yofika pa nthawi yake.

Winanso anganene kuti ku America makampani anapulumuka ndi dzanja la boma, ndiye boma ndilo mankhwala. Tione bwino zimene zinachitika. Mu 1983 boma la Ronald Reagan linakweza msonkho pa njinga zikuluzikulu zochokera kunja pofuna kupumitsa kampani ya njinga zamoto ya Harley-Davidson. Koma kampaniyo sinagone pa msonkhowo. Inatengera njira za ku Japan, monga kuitanitsa zipangizo pa nthawi imene zikufunika m'malo mozikundika m'nyumba zosungira katundu, ndi kupatsa antchito udindo woona zolakwika pamene zayambira. Mu 1987 inapempha yokha kuti msonkhowo uchotsedwe nthawi yake isanakwane. General Motors, yopanga magalimoto, inagwa mu 2009 ndipo boma linathiramo madola pafupifupi 50 biliyoni, koma chithandizocho chinabwera pamodzi ndi mpeni: inatseka mafakitale, inasiya mitundu ya magalimoto monga Pontiac ndi Saturn, ndipo ngongole zambiri zinafafanizidwa kudzera m'khoti. Boma lingagulire kampani nthawi, ndipo nthawi zina n'koyenera kutero pofuna kusunga ntchito za anthu. Ku Meriden nako boma la Britain linapereka nthawi, koma nthawiyo inatha njinga isanasinthe.

Pali dandaulo lachitatu, ndipo ili ndi lolemera kuposa enawo. Kuyambira 2002 Triumph yakhala ikutsegula mafakitale ku Chonburi ku Thailand, kumene malipiro ndi otsika, ndipo mu 2020 inalengeza kuti njinga zambiri zizipangidwa kumeneko. Ku Hinckley kunatsala makamaka ntchito yojambula ndi kuyesa njinga zatsopano, ndi kupanga njinga zochepa zapadera. Munthu wa ku Hinckley amene ntchito yake yomanga injini inatha ali ndi chifukwa chofunsa kuti yadzuka ndi kampani kapena ndi tauni yake. Funsoli siliyenera kunyozedwa. Kudzuka kwa kampani ndi kubwerera kwa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo aliyense womva andale akulonjeza fakitale azifunsa za chachiwiricho. Komabe Triumph ikadaumirira kupangira zonse ku England, ikadapikisana ndi Honda ndi Kawasaki omwe nawonso ali ndi mafakitale ku Thailand, iyo ikulipira zambiri pa njinga iliyonse, ndipo ntchito za akatswiri zimene zili ku Hinckley lero zikadakhala pachiswe. Ndi nzeru yomweyo imene inaipititsa ku India. Mu 2020 inasainirana mgwirizano ndi Bajaj, kampani yopanga njinga za Boxer zimene akabaza a m'maiko ambiri a mu Africa amanyamulira anthu. Mu 2023 anatulutsa Speed 400, njinga yaing'ono yotsikirako mtengo, yojambulidwa ku Hinckley ndipo yopangidwa m'fakitale ya Bajaj pafupi ndi mzinda wa Pune.