Kathabwa kotsamirapo mkono pa gitala

Kalata ina yachokera kwa achimwene ena oimba gitala kutchalitchi. Akufunsa ngati kathabwa kotsamirapo mkono, komata m'mphepete mwa gitala, n'kaphindu.

Phindu lilipodi. Mawu a gitala amatuluka thabwa lakumaso lija likamanjenjemera, ndiye mkono ukaligonera, mawu amamveka ofooka. Kathabwaka kamanyamula mkono kuti usakhudze thabwalo. Thukuta silidyanso polishi, ndipo mphepete ija siisiyanso mzere pakhungu munthu akaimba nthawi yaitali.

Kotchuka ndi ka John Pearse, woimba wa ku Britain, komata ndi tepi. Koma Grit Laskin, wopanga magitala wa ku Toronto, amachita kusemeratu potsamira pagitala pomwepo.

Achimwenewa akamachotsa kathabwa komatako, akoke pang'onopang'ono, chifukwa tepi imatha kusupula polishi.