NJINGA ZA HAYALA: MUTU NDIWO WOYAMBA KUTETEZA

M'mizinda ya kunja monga Paris, kuyambira mu 2007, ndi London, kuyambira mu 2010, muli njinga zimene munthu amabwereka pa malo oikika, nalipira, nkuichova yekha. Pa Nyimba hayala ndi ya mtundu wina: mwini njinga amanyamula munthu pa keliyala kupita kumsika, kucigayo kapena kucipatala. Nchitoyi ndi yothandiza kwambiri, koma ngozi yake ili pa mseu wa Great East Road, umene wadutsa pakati pa boma. Malole ndi mabasi ocokera ku Lusaka kupita ku Petauke, Chipata ndi Malawi amapita momwemo usana ndi usiku.

Pa ngozi ya njinga, cimene cimapha kawiri-kawiri ndi kuvulala m'mutu. Mkono wothyoka umalumikizika, koma ubongo ukaonongeka subwerera msanga. Cipewa colimba, ca helemeti, cimacepetsa kuvulala kwa m'mutu koposa theka, malinga cikhale comangidwa bwino pa cibwano. Wochova ndi wokwera onse awiri afunika kucivala.

ZIZINDIKIRO ZOOPSYA

Munthu angathe kugwa, kudzuka, kuyenda ndi kulankhula bwino-bwino, pamene magazi alikukha pang'ono-pang'ono mkati mwa cigaza. Cifukwa cace abale ayenera kumuyang'anira masiku awiri, ndipo athamangire naye ku Nyimba District Hospital kapena kiliniki yapafupi akaona izi:

1. Kukomoka, ngakhale kwa kanthawi kocepa.
2. Kusanza mobwereza-bwereza.
3. Mutu kupweteka moonjezereka.
4. Tulo tacilendo, kuvuta kudzutsidwa, kapena kulankhula zosamveka.
5. Magazi kapena madzi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno.
6. Kugwa khunyu, kapena kufooka kwa dzanja ndi mwendo mbali imodzi.

Wovulala asapatsidwe mowa. Ngati akudandaula khosi kapena msana, asakwezedwenso pa njinga. Anyamulidwe cogona pa citseko kapena thabwa, mutu wosagwedezeka. Cilonda ca dothi citsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo afunse za nyeleti ya kafumbata.

KUPEWA

Asanakwere, wolipira ali ndi ufulu woyesa mabuleki onse awiri ndi kuona ngati keliyala ndi yolimba. Wochova ayende kumanzere, m'mphepete mwa mseu, asanyamule munthu pamodzi ndi thumba la makala kapena mikoko ya nthoci. Kukada, njinga ikhale ndi nyale kutsogolo ndi cowala cofiira kumbuyo, pakuti woyendetsa lole saona msanga munthu wovala zakuda. Mwana asakhale miyendo ili lende, cifukwa masipoko amasupula cidendene. Wochova amene akununkha mowa asakweredwe, ngakhale atsitse mtengo motani.

Ndalama ya helemeti ndi yocepa poyerekeza ndi ulendo wa ambulansi wopita ku Chipata kapena ku UTH ku Lusaka.